Moyo wa mu sekasi kunja: mafunso amene mumandifunsa ndi mayankho ake

Chibwerereni ku ulendo wanga womaliza sipanathe sabata osafunsidwa za sekasi. Mu minibasi ya ku Chawama, pa maliro, ku tchalitchi, olo pa kantemba ndikugula tomato munthu amangoyamba, akulu, si inu munali ku Germany mukusenza anzanu pamutu? Ndine amene. Ndinayenda masizoni anayi ndi sekasi ina ya pabanja, Germany ndi Netherlands, gulu lathu tinali anyamata asanu ndi mtsikana mmodzi, ine ndinali wapansi, uja amene onse amamukwera akamamanga piramidi. Kwathu ndi ku Katete koma ndinakulira mu Chawama momwemu. Mafunso amakhala omwewo omwewo, ena a ana amene akufuna kupita, ena a makolo amene ali ndi mantha, ndiye ndati ndiwayankhe bwinobwino chifukwa mu minibasi munthu umatsika nkhani isanathe.

Kodi sekasi ndi chani kwenikweni? Kunyumba akuti ndi zamankhwala.

Mulibe mankhwala mng'ono wanga. Ambuya anga ku Katete nditawaonetsa vidiyo pa foni anaionera kawiri, kenaka anandigwira mkono n'kuutembenuza kufuna kuona mphini, amvekere anakutemera ndani. Ndinawaonetsa zikhatho mmene zinakakalira ndi zipsera za m'mawondo, ndinati ambuya zonse zinalowera apa.

Sekasi ndi gulu la anthu ochita masewera a thupi amene amayenda tauni ndi tauni ndi chitenti chachikulu, muli a samasoti, oyenda pa waya, oponya zibonga m'mwamba n'kumawakha, opinda thupi, oseketsa anthu opaka nkhope aja, ena ouluka pa zingwe kudenga. Sekasi ya mtundu umenewu inayamba ku London mu 1768 ndi msilikali wa pa hatchi dzina lake Philip Astley, ndipo bwalo lozungulira lija mpaka lero limakhala pafupifupi mamita 13 kuchoka uku kufika uko, muyeso umenewo unabwera chifukwa cha mahatchi othamanga mozungulira munthu ataimirira pamsana. Ife a samasoti umatipanikiza, pothamangira pamachepa, amene unazolowera giraundi ya mpira umayambanso kuphunzira kuwerenga mapazi.

Ndili ndi zaka 14, samasoti ya kumbuyo ndimaitha. Ndiyambire pati kuno ku Lusaka?

Tonse tinayambira pamene uli iwepo. Ife tinkakwirira tayala lakale la thiraki theka mu mchenga n'kumadumphirapo, utuchi tinkakapempha kwa ocheka matabwa ku Buseko kuti pogwera pafeweko. Koma samasoti ya kumbuyo ana ambiri a mu komboni amaitha, chosowa ndi mphunzitsi woti akuwongole mawondo ndi zala za kumapazi, akuphunzitsenso kugwa, inde kugwa kumaphunziridwa. Kuno kuli Circus Zambia imene inayambitsidwa ndi anyamata a ku Chibolya, kulinso Barefeet Theatre imene yagwira ntchito ndi ana a mu msewu kwa zaka zambiri, pita ukaone ndi maso ndipo upite ndi munthu wamkulu wa kwanu. Kunja kwa Zambia kuli Zip Zap ku Cape Town imene inayamba mu 1992, Sarakasi ku Nairobi, ku Ethiopia nako sekasi inakula kwambiri, ndiye ku China kuli Wuqiao kumene amati ndiye kwawo kwa masewera amenewa.

Sukulu usasiye. Kontrakiti imabwera mu Chingerezi masamba ambirimbiri, ndipo wosatha kuiwerenga amasainira goli lake lomwe.

Amakutengani bwanji kuti mukasewere kunja?

Ndi vidiyo. Eni sekasi sagula munthu wodziwa zinthu zambirimbiri zomwazika, amagula sewero lathunthu la mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, lokhala ndi poyambira, nyimbo yake, zovala zake ndi pothera poti anthu aombe m'manja. Jambulani lonse osadula paliponse, foni ikhale malo amodzi, chifukwa vidiyo yodulidwadulidwa amadziwa kuti mwabisa pamene munagwa. Ambiri amadzera mwa ejenti amene amadya gawo lake pa malipiro anu, ena amaonedwa pa mafesitivo. Yaikulu kwambiri ndi ya ku Monte-Carlo imene inayambitsidwa ndi Prince Rainier III mu 1974, imachitika mu Januwale. Ana ambiri amangodziwa Cirque du Soleil ya ku Montreal ija inayamba mu 1984, koma masekasi ambiri ku Ulaya ndi a mabanja, ena akuluakulu ngati Krone ya ku Munich ndi Knie ya ku Switzerland, ena ang'onoang'ono oti bambo ndi amene akulengeza, mayi ali pa matikiti, ana ali m'bwalo. Ife tinali mwa yapakatikati.

Pali munthu akuti ndimupatse ndalama andipezera malo ku Ulaya, akufunanso pasipoti yanga. Ndimupatse?

Ayi. Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse kuposa pena paliponse. Ntchito yeniyeni sugula ndi ndalama zako, ejenti weniweni amadya ukayamba kulandira, osati usanakwere ndege. Ukamva zoti lipira kaye ya fomu, lipira ya kusungitsa malo, viza tikakonzera konko iwe upite ngati mlendo chabe, dziwa kuti ndi chikomekome cha nkuyu. Ndaona anyamata akulowa kaloba chifukwa cha anthu oterewa, amayi awo mpaka kugulitsa firiji.

Akuluakulu a ku Kalingalinga akukumbuka za anyamata a kwaya aja anatengedwa kupita ku Texas m'zaka za m'ma 1990, analonjezedwa sukulu ndi malipiro, n'kukapezeka akuimba malo ndi malo ndalama zikulowa m'matumba a ena. Anali ana a luso ngati inuyo, makolo awo anavomera ndi mtima woyera. Zambia ili ndi lamulo loletsa kugulitsa anthu la 2008, koma ukakhala kale kutsidya kwa nyanja thandizo limachedwa kukupeza.

Ineyo zinandikhudzapo pang'ono. Sizoni yoyamba titangofika, munthu wa mu ofesi anatolera mapasipoti athu onse ati akakonzere mapepala, sabata inatha, mwezi unatha, tikafunsa ankangoti ali pabwino mu sefa. Anzanga ankati tisavute tingabwezedwe. Ine tulo sindinkaona, ndinkaganiza kuti kutabwera uthenga wa maliro usiku ndingachoke bwanji. Tsiku lina tinavala zovala za shoo tonse asanu ndi mmodzi n'kukaima pa khomo la ofesi kutatsala mphindi makumi awiri kuti tilowe m'bwalo, sitinakalipe, tinangoti tabwera kudzatenga mapasipoti. Anatipatsa pompo. Kuyambira tsiku limenelo yanga inkagona mu kathumba ka pa chifuwa. Pasipoti ndi ya boma la Zambia, inapatsidwa kwa iwe, bwana angaione, angaijambule, koma ibwerere m'manja mwako tsiku lomwelo. Siya kope yake kunyumba kwa amayi ako pamodzi ndi kope ya kontrakiti, ndipo usananyamuke sunga pa pepala nambala ya embase yathu, ku Germany ili ku Berlin, ku UK ili ku London. Nambala ya ngozi mu maiko a European Union ndi 112.

Mapepala ofunika ndi ati?

Pasipoti yoti ikadali ndi nthawi, a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa viza imodzi kuphatikizapo Germany ndi Netherlands, amafuna kuti itsale ndi miyezi itatu kupitirira tsiku limene udzatuluke. Kontrakiti yosainidwa mbali zonse ziwiri. Viza yachidule ya Schengen ndi ya masiku 90 pa masiku 180 alionse, mtengo wake unafika ma euro 90 mu Juni 2024 ndipo amafuna inshuwalansi ya kuchipatala ya ma euro 30,000, koma sizoni yathunthu imapitirira masiku amenewo ndiye umafunika viza ya ntchito ya dziko limene ukupitalo. Ku UK kuli Creative Worker visa, yofika miyezi 12, bwana ndi amene amakutumizira setifiketi yoti akukuimira, ndipo wochokera ku Zambia wokakhala kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayezedwa TB. Ku America a sekasi ambiri amalowera pa viza yotchedwa P-1. Kalata ya kupolisi ya zidindo za zala ikonzeretu msanga. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye kafunse ku embase wekha ndi pakamwa pako, paja safunsa anadya phula.

Mumagona mu hotela?

Mu kalavani. Ife anatipatsa thiraki yodulidwa tizipinda, kachipinda kalikonse mabedi awiri osanjikiza, kakabati, kahita, zenera limodzi. Ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Madzi amabwera ndi paipi ya pulasitiki, magetsi ndi a jenereta, ndipo tsiku losamuka zonsezi amazula, umakhala opanda madzi mpaka mawa lake. Mmodzi akadzuka kuti avale winayo amayenera kukhala pa bedi. Munthu amene ukugona naye ndi yemweyo akukuponda paphewa madzulo, ndiye mukayambana za mbale zosatsuka muzithetse shoo isanayambe, mkwiyo sukwera nawo piramidi.

Mphindi zisanu ndi zitatu chabe pa tsiku? Ndiye ntchito yake ndi yophweka eti?

Anthu amaona mphindi zimenezo basi. Ndikuuzeni sabata mmene inkayendera. Pa Sondo shoo yomaliza imatha cha m'ma 17 koloko, anthu asanamalize n'kutuluka komwe ife tavula kale zonyezimira tavala maovolosi ndi magambutsu. Timayamba ndi mipando, matabwa ndi zitsulo zonse kukweza mu thiraki, kenaka mpanda wa bwalo, magetsi, makoma a tenti, ndiye chinsalu chija chimatsitsidwa n'kumasulidwa zigawozigawo, chikanyowa ndi mvula chimalemera zoti anthu khumi mumachita kukuwa kuti chisunthe. Zikhomo zachitsulo zonse zizulidwe, mizati ikuluikulu igonekedwe, mukamamaliza ndi pakati pa usiku, nthawi zina tambala ali pafupi. Lolemba ndi la pa msewu. Lachiwiri kumanganso, ndipo zikhomo zija pamene makina sangafike timakhoma ndi nyundo zikuluzikulu anthu atatu pa chikhomo chimodzi mosinthana, ndendende mmene amasinjira amayi atatu mu mtondo umodzi, ukaphonya kamvekedwe kake wathyola dzanja la mnzako. Ine ndinkawaimbira nyimbo ya pamtondo ya kwathu, anyamata a ku Morocco ndi ku Romania anafika poidziwa osamva tanthauzo.

Masiku otsatira kupachika maposita, kugawa timapepala mu tauni, kuyeserera m'mawa, ndiye mashoo, pa Chiweru ndi pa Sondo awiriawiri. Mkati mwa shoo momwemo ukamaliza zako umavala jekete yofiira, kulozera anthu pokhala, kugulitsa mapopukoni pa nthawi yopuma, kukokera anzako makapeti ndi zitsulo. Mu masekasi akuluakulu muli anthu a tenti paokha, wosewera amangosewera, koma mwa ang'onoang'ono zonse ndi zako. Ufunse usanasaine, ndipo zilembedwe, chifukwa thupi limene lakhoma zikhomo tsiku lonse ndi lomwelo likufunika kunyamula anthu anayi mawa.

Ndalama zake zimakhala zingati?

Nambala sinditchula, chifukwa ndikatchula yanga wina adzaitenga ngati mtengo wa pa msika pamene makontrakiti amasiyana kutalitali. Chimene ndingakuuze ndi chakuti nambala imene ili pamwamba si imene imalowa m'thumba. Funsa izi: tikiti ya ndege kupita ndi kubwera akulipira ndani, gasi ndi magetsi a mu kalavani akudula pa malipiro kapena ayi, msonkho akuchotsa ungati, ejenti akutenga zingati, tsiku limene shoo yalephereka chifukwa cha mphepo kapena anthu sanabwere ukulipidwa kapena ayi. Ndipo chachikulu, ndalama zikulowa kwa aliyense payekha kapena kwa mtsogoleri wa gulu? Magulu ambiri a kuno ku Africa amasweka pa nkhani yomweyi, mmodzi amalandirira onse ndiye enawo sadziwa n'komwe kuti bwana akupereka zingati. Khalani pansi musananyamuke, aliyense aone pepala.

Sizoni ku Ulaya imayamba cha mu Marichi kufika Novembala, kenaka pamakhala masekasi a Khirisimasi a masabata ochepa, kupatula apo palibe cholowa. Ndiye za miyezi isanu ndi itatu ziyenera kukudyetsa chaka chonse. Mu Marichi 2020 tinali titangosewera mashoo ochepa pamene korona inatseka zonse, tenti inaima pa giraundi yopanda munthu, ndege kulibe, malipiro kulibe. Anthu a m'mudzi umene tinalimo ankabweretsa mbatata, buledi ndi udzu wa mahatchi pa geti, sindidzawaiwala. Nthawi imeneyo olo Cirque du Soleil inaimitsa antchito ake pafupifupi 95 pa 100 alionse. Amene tinali titasungako pang'ono tinapirira, amene ankatumiza zonse kunyumba analira.

Za kunyumbazo ndinene mosabisa. Ukangoika chithunzi pa Facebook uli pa sinoo, foni siyipuma, uyu fizi, uyu lendi, uyu maliro, uyu kapito ya bizinesi, ndipo ambiri mavuto awo ndi enieni. Ine sizoni yoyamba ndinabwera ndi sutikesi ya nsapato ndi mafoni a anthu, m'thumba mulibe kanthu. Yachiwiri ndinagwirizana ndi amayi kuti ndizitumiza kamodzi pa mwezi pa Airtel Money yawo, aliyense wofuna thandizo apite kwa iwo, zotsala sindikhudza. Ndi mmene ndinagulira kapuloti mbali ya ku Chongwe.

Nsima mumaipeza?

Mu matauni akuluakulu muli mashopu a anthu a ku Africa, umapeza unga woyera wa ku South Africa, koma ndi wodula ndipo sekasi imayenda kwambiri m'timatauni ting'onoting'ono. Ndiye tinkaphika ya semolina kapena ya polenta yachikasu ija, imakhuta koma pakamwa pamadziwa kuti si yeniyeni. Mthiko nyamula wako. Kapenta amene tinali naye tinkachita kuwerenga, tikakazinga fungo linkafika kwa aneba a ku Ukraine mpaka anabwera kudzafunsa ngati kwafa chinthu, mapeto ake analawa n'kuyamba kupempha. Chimene ndinkachilakalaka kwambiri ndi chibwabwa chotendera ndi lumanda. Dziwanso kuti nyama ndi za mkaka saloleza kulowa nazo mu European Union, usadzivute kunyamula nyama yowamba. Ndipo nsima idyedwe shoo ikatha, osati isanayambe.

Kuzizira kwake n'kotani?

Juni wa ku Lusaka ndi masewera. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 16 koloko, paipi ya madzi imauma gwa, zala sizimva chingwe. Pita ku salaula ku Soweto ukagule jekete yokhuthala, magulovu ndi masokosi aubweya usananyamuke, konko ndi zodula. Mu kalavani osayatsa mbaula olo pang'ono, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Nanga ukavulala?

Osati ukavulala mng'ono wanga, udzavulala ndithu, nkhani ndi yakuti pamene wavulalapo pali ndani. Langa ndi bondo lamanzere. Inali sizoni yachitatu, mvula inalowa pansi pa tenti kapeti n'kunyowa mbali imodzi, ndinaiona ndisanalowe koma ndinati tithana nazo. Mlongo wathu, mtsikana wa mu gulu lathu uja, potsika pamwamba ndinamuwakha bwinobwino koma phazi langa linatsetsereka, ndinamva kuti thu mkati mwa bondo. Ndinamaliza sewero, ndinaweramira anthu ndikumwetulira, kuseri kwa katani ndi kumene ndinagwa. Cholakwa changa chachikulu chinali chakuti ndinamanga bandeji n'kumwa mapilisi n'kusewera masabata ena awiri, kuopa kuti anzanga asowa wapansi ndipo malipiro aima. Dokotala atandiona anapukusa mutu, anati ndikanabwera tsiku lomwelo zikanachepa. Mwayi wanga unali woti kontrakiti imeneyo inali ndi inshuwalansi yeniyeni, sikani ndi mafizo zonse analipira.

Ndiye ona kuti inshuwalansi ikukhudza ngozi ya pa ntchito, chifukwa ina ya apaulendo imakana zamasewera oopsa. Funsa ngati ukulipidwa uli chigonere. Tenthetsa thupi mokwanira olo kuzizire bwanji. A pa zingwe, chingwe chako ndi mfundo zako uziona wekha ndi maso ako tsiku lililonse olo amene wamanga akhale katswiri. Ndipo pansi pakanyowa nena kuti sindilowa mpaka mupukute. Thupi ndiye munda wathu ife, tilibe wina.

Azungu amakuonani bwanji? Tsankho liliko?

Liliko, ndipo anthu abwino alikonso ambiri. Mu sekasi mwenimweni ulemu umabwera ndi ntchito, muli a ku Mongolia, Colombia, Cuba, Ukraine, Morocco, mumalankhula chilankhulo chosakaniza ndi manja omwe, ukagwira bwino ntchito ndiwe m'bale. Kunja mu tauni ndi kumene nthawi zina mlonda amakutsatira mu shopu, kapena mu basi mpando wa pafupi nawe umakhala wopanda munthu.

Chimene chinkandiwawa ine ndi china. Ambiri amangoti ndife a ku Kenya chifukwa a ku Kenya ndi amene anatchuka kale ndi mapiramidi ndi limbo ya moto, kuja kodutsa chagada pansi pa ndodo yoyaka, zimenezo sizinkandivuta, ndinkangowauza za Victoria Falls. Koma titafika anatitulutsira zovala za mawanga a kambuku ndi mikondo yapulasitiki ati tizilowa tikukuwa. Sizoni yoyamba tinavala, tinalibe mawu, ndipo ndikaona zithunzi zake mtima umandipweteka mpaka lero. Yachiwiri tinapita ndi zathu zosokedwa ndi telala wa ku Kamwala, za chitenge, zokongola zedi, bwana ataona mmene anthu anaombera m'manja sanatchulenso za kambuku.

Tsiku lina anationetsa vidiyo ya makanja pa foni ati bwanji muziika izi mu shoo, ndikugulirani zigoba. Tinakana tonse. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake ndi nthawi yake, amatuluka pa maliro, pa chinamwali, pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, UNESCO inamulemekeza mu 2005, si chinthu choika pakati pa oseketsa anthu ndi mapopukoni. Ndinamuuza kuti kuyenda pa mitengo italiitali tingachite ndi nkhope zathu zoonekera, koma zinazo si zathu zoti tigulitse. Anamva.

Ndine mayi, mwana wanga wamkazi wasankhidwa kuti apite ndi gulu. Ndimulole?

Amayi, mantha anu ndi oyenera ndipo musachite nawo manyazi. Ngati sanakwane zaka 18 ine ndinganene kuti adikire, pokhapokha ngati ndi ulendo waufupi wa bungwe lodziwika, wokhala ndi mayi wamkulu womuyang'anira amene inu mwamuona ndi maso. Ngati ndi wamkulu, khalani naye pansi muwerenge kontrakiti pamodzi, itanani amalume ake kapena wina wodziwa Chingerezi bwino. Mufunse kuti azikagona ndi ndani, chitseko chili ndi loko wa mkati kapena ayi, malipiro ake azilandira yekha kapena kudzera mwa mwamuna wina wa mu gulu. Tikiti yobwerera ikhalepo. Mugwirizane tsiku loimbirana pa WhatsApp sabata iliyonse, pa vidiyo kuti muzimuona nkhope, komanso mawu amodzi achinsinsi oti akawatchula mudziwe kuti zinthu sizili bwino olo akuseka.

Mlongo wathu amene tinali naye tinkamuteteza ngati wa bere limodzi, koma iye mwini anali wolimba kutiposa, ndi amene ankasunga buku la ndalama za gulu. Lero ali ndi saluni yake ndipo akuphunzitsa atsikana kupinda thupi. Atsikana amatha amayi, chofunika apite ndi anthu oti inu mukudziwa makomo awo.

Munkasewera ndi mikango?

Ayi, mu sekasi yathu munali mahatchi, ngamila ziwiri ndi agalu. Nyama zakutchire zikutha mu masekasi. England inaletsa kuyambira Januwale 2020, Circus Roncalli ya ku Germany inasiya nyama zonse mu 2018, Ringling ya ku America inatseka mu 2017 n'kudzabweranso mu 2023 yopanda nyama. Kwa ife ochita ndi thupi zimenezi zatsegula malo.

Kusowa kwanu munkathana nako bwanji?

Sindinganame kuti ndinathana nako. Bola nthawi siyisiyana kwambiri, miyezi yotentha Germany ndi Zambia wotchi ndi imodzi, miyezi yozizira iwo amatsalira ndi ola limodzi, ndiye kuimba foni sikuvuta. Koma pali zina foni siyingathe.

Atate anamwalira mu Okutobala ndili ku Netherlands, uthenga unandipeza m'mawa pa Chiweru, tsiku la mashoo awiri. Kuti ndipeze ndege, ndidzere ku Addis Ababa, nditsike pa Kenneth Kaunda, ndikwere basi pa Intercity mpaka ku Katete, ndikanapeza ataika kale, ndipo wapansi wina kunalibe. Amalume anandiuza pa foni kuti mphwanga khala, ife tilipo, udzalira ukadzabwera. Ndinasewera mashoo onse awiri, mmene ndinachitira sindikumbuka. Tsiku loika mng'ono wanga anandiimbira n'kuika foni m'thumba la shati osadula, ndinakhala pa bedi mu kachipinda kaja ndikumva amayi a ku mpingo akuimba, makasu akugunda dothi, mphepo ikuwomba mu sipika. Nditatsegula chitseko ndinapeza anzanga onse akhala pansi panja pozizira, pamodzi ndi mkulu wina wa ku Morocco wa ma tenti ndi mayi wa ku Mongolia wopinda thupi atanyamula fulasiki ya tiyi. Palibe anawauza kuti kwathu pa maliro timakhala chonchi. Anakhala mpaka mdima.

Ku manda ndinakafika mu Disembala, mvula itagwa kale, udzu utamera pa mtumbira.

Bwanji simunangothawa n'kukhala konko?

Alipo amene anachita zimenezo, sindiwaweruza chifukwa ndikudziwa chimene anasiya kuno. Koma ndinakumana nawo ena, munthu amene ankauluka anthu n'kuimirira, lero akutsuka mbale mobisala, akaona galimoto ya polisi mtima uli phaphapha, akadwala sangapite ku chipatala momasuka, amayi ake akamwalira sangabwere. Ndipo ukathawa suthawa wekha, gulu lonse limada, bwana uja sadzaitananso a ku Zambia, ku embase nako ana amene akubwera pambuyo pako amavutika kupeza viza. Ine chidindo chilichonse mu pasipoti yanga chikuonetsa kuti ndinatuluka pa nthawi yake, n'chifukwa chake ankandipatsanso.

Mudzapitanso?

Anandiimbira chaka chino za sekasi ya Khirisimasi, masabata atatu chabe. Bondo likumandiuza zoona m'mawa uliwonse wa Juni, ndipo mwana wanga wamkazi wayamba giredi 1, amafuna ndizimuperekeza ine. Ndinawayankha kuti ine ayi, koma ndili ndi anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, onse opitirira zaka 18, amene ndakhala ndikuwaphunzitsa pa Chiweru paliponse. Vidiyo yawo tajambula kale katatu, ulendo wachitatu wapansi wawo anagwedera pa mphindi yomaliza ndiye tibwerezanso sabata ino m'mawa dzuwa lisanakwere. Kontrakiti ikabwera tidzawerengera limodzi pa khonde pa amayi awo, tsamba ndi tsamba, ndipo tithumba ta pa chifuwa toikamo mapasipoti telala wa ku Kamwala uja wasoka kale titatu.